Mfumu Yopanda Mkondo

Anthu a ku America ali ndi funso limodzi limene satopa kufunsa Angerezi. Amati zitheka bwanji kuti anthu ophunzira, eni nyumba ya malamulo yakalekale, azigwadirabe munthu chifukwa chongoti anabadwa m'mimba mwa uje? Amafunsa akuseka, monga m'mene munthu amasekera mkulu wake amene akuvalabe jekete la malemu agogo. Koma chodabwitsa n'chakuti wofunsayo sachoka pazenera. Kukakhala ukwati ku banja lachifumu, iye ndiye woyamba kudzuka m'bandakucha kuti aonere. Nkhani imeneyi yandisowetsa mtendere kwa nthawi ndithu, ndipo ndati ndiitule pano kuti tithandizane, poti mutu umodzi susenza denga.

Tiyambe ndi kumene kunachokera chidani. Pa 16 Disembala 1773 anthu a ku Boston anakwera zombo zitatu padoko lawo, nataya m'nyanja mabokosi 342 a masamba a tiyi. Chinawawawa n'chakuti ankakhoma msonkho wokhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo ya ku London, m'mene munalibe ndi phungu mmodzi yemwe wowaimira. Taonani bwino pamenepa, anzanga: anaika msonkhowo ndi aphungu. Koma pamene madera 13 aja analengeza ufulu wawo pa 4 Julaye 1776, chikalata chawo chinaunjika milandu pamutu pa munthu mmodzi, Mfumu George III. Kapena n'chifukwa chakuti kudana ndi nkhope imodzi n'kosavuta kusiyana ndi kudana ndi chigulu cha anthu. Nkhondo inatha mu 1783, ndipo polemba malamulo oyendetsera dziko mu 1787 analetsa boma lawo kupatsa munthu aliyense dzina laulemu lachifumu. Kuyambira pamenepo mwana wa ku America amakula akudziwa kuti dziko lake linabadwa pokana mfumu, ndipo m'makutu mwake mawu akuti mfumu ndi mawu akuti wankhanza ndi mapasa.

Tsono Mngerezi amaoneka bwanji m'maso mwa mwana ameneyu? Amaoneka munthu waulemu wopitirira muyeso, wopepesa ngakhale amene wapondedwa chala ndi iye mwini, womwa tiyi nthawi yake ikakwana ngakhale nyumba ikupsa. Kalankhulidwe kake amati n'ka anthu anzeru, komanso amakakayikira. Amene munaonera kanema wa The Lion King wa mu 1994 kumbukirani kuti mkango wabwino, Mufasa, unkalankhula ndi mawu a James Earl Jones wa ku America, pamene Scar, wakupha mbale wake, anam'patsa mawu a Mngerezi, Jeremy Irons. Ndiponso ambiri mwa iwo akamati England amaphatikiza Scotland ndi Wales yemwe, chinthu chimene munthu wa ku Glasgow sakondwa nacho n'pang'ono pomwe.

Komabe madzi saiwala khwawa. Mu Juni 1939 Mfumu George VI inacheza ku America, ndipo Pulezidenti Franklin Roosevelt anaidyetsa soseji wa m'buledi kumudzi kwake ku Hyde Park, anthu nakondwa kuti mfumu yadya chakudya cha anthu wamba. Mu 1976, pamene dzikolo linkakondwerera zaka 200 chikanireni ufumu, mlendo wolemekezeka anali Mfumukazi Elizabeth II, mdzukulu wa m'mbumba ya George III yemwe uja, ndipo anavina ndi Pulezidenti Gerald Ford ku White House. Sewero lalitali lonena za moyo wa mfumukaziyo, The Crown, linaonetsedwa ndi kampani ya ku America ya Netflix kuyambira 2016 mpaka 2023. Ndili ku sekondale tinali ndi mphunzitsi wochokera ku America, mayi wansangala amene ankatiuza monyadira kuti kwawo munthu sagwadira munthu mnzake. Mayi yemweyo anatifotokozera tsiku lina kuti mu Meyi 2018 amayi ake anadzuka tambala asanalire, navala chipewa chatchalitchi m'nyumba mwawo momwe, kuti aonere ukwati wa Harry ndi Meghan Markle pa wailesi ya kanema. Iye sanaone chachilendo pa nkhani ziwirizi. Ife tinangoyang'anana.

Nanga eni ake amati chiyani? Apa ndi pamene ndimaona kuti mnzathu wa ku America amayang'ana chisoti osayang'ana manja. Angerezi anadula mutu wa mfumu yawo kalekale, America asanalote n'komwe za ufulu. Charles I anaphedwa pamaso pa anthu ku London pa 30 Januwale 1649, ndipo dziko linakhala zaka 11 lopanda mfumu. Chinachitika n'chiyani? Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali amene anagonjetsa mfumu, anabalalitsa aphungu mu 1653 nayamba kulamula ndi mphamvu zimene mfumu yophedwayo ikadasirira. Atamwalira mu 1658, mpando unapita kwa mwana wake Richard, ngati ufumu womwe uja. Mu 1660 anthu anaitana Charles II kuti abwerere kwawo. Koma phunziro linali litalowa, ndipo mu 1689 anamanga ufumu ndi chingwe: mfumu isakhometse msonkho kapena kuimitsa lamulo popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo.

Chingwe chimenecho chakhala chikufupika. Mfumu yomaliza kukana kuvomereza lamulo lopangidwa ndi aphungu inali Mfumukazi Anne, mu 1708. Potsegulira nyumba ya malamulo, mthenga wa mfumu akamafika pakhomo la aphungu osankhidwa ndi anthu amam'tsekera chitseko pamaso kuti phwa! Amagogoda katatu asanam'tsegulire. Amatero pokumbukira chaka cha 1642, pamene Charles I analowa m'chipindamo ndi cholinga chogwira aphungu asanu. Ndipo mawu amene mfumu imawerenga tsikulo, itavala chisoti chonyezimira, alembi ake ndi nduna za boma. Mu 1936 Edward VIII anafuna kukwatira Wallis Simpson, mayi wa ku America amene anali atasiyana kale ndi mwamuna wina. Boma la Stanley Baldwin linakana, ndipo amene anachoka pampando ndi mfumu. Mu 1997, Diana atamwalira, anthu anang'ung'udza kuti mfumukazi yakhala chete ku Balmoral, ndipo iyo inabwerera ku London n'kulankhula ku mtundu wonse. Kodi pamenepa akugwadira mnzake ndani?

Tisaganize kuti Angerezi onse ali ndi mtima umodzi. Alipo okonda ufumu ndi mtima wonse. Mfumukazi Elizabeth itamwalira pa 8 Sepitembala 2022, italamulira zaka 70, anthu pafupifupi 250,000 anaima pamzere wautali m'mbali mwa mtsinje wa Thames, ena usiku wonse, kuti akadutse pafupi ndi bokosi lake. Alipo ena, ndipo ndiyesa ndi ochuluka, amene amauona ufumu ngati mtengo wakale wapabwalo: saupembedza, koma saona chifukwa choudulira. Alipo achitatu amene saufuna, ndipo mwa achinyamata gulu limeneli likukula. Bungwe lotchedwa Republic linakonza zionetsero pa tsiku lolonga Charles III ufumu, pa 6 Meyi 2023, ndipo ena mwa atsogoleri ake anagwidwa ndi apolisi m'mawa mwake, namasulidwa popanda mlandu. Aphungu a chipani cha Sinn Féin a ku Northern Ireland amapambana chisankho koma sakhala m'nyumba ya malamulo ya ku London, poti salola kulumbira m'dzina la mfumu.

Tsiku lolonga ufumulo ine ndinali m'kanyumba koonetsera mpira pamalo a malonda a kwathu. Masana tinaonera ngolo yagolide ndi mikanjo ya ansembe, ena akuseka, ena akusirira. Madzulo kunali masewera a Liverpool ndi Brentford, ndipo itayamba nyimbo ya fuko lawo, yopempherera mfumu imene inali itangovekedwa chisoti, bwalo la Anfield linadzaza ndi phokoso la kukuwiza. Mkulu wina amene anakhala pambali panga, wa msinkhu wa bambo anga, anagwira pakamwa nafunsa ngati anthu onsewo agone kwawo usiku umenewo. Titam'yankha kuti inde, anapukusa mutu osanenanso kanthu. Anali kukumbukira masiku ena a dziko lino.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo ufumu wa Angerezi. Sindiona chilungamo pa udindo umene munthu amaupeza m'chikuta. Ndalama zimene boma limapereka kunyumba yachifumu, zimene zinali mapaundi 86.3 miliyoni m'chaka cha 2022 mpaka 2023, si zochepa m'dziko limene ena amadalira chakudya chothandizidwa. Ndiponso ife tili ndi mabala athu. Mfumu ikhoza kukhala yopanda mkondo, koma ena ananyamula mikondo m'dzina lake. Boma limene linalengeza lamulo la nthawi yachisokonezo mu Nyasaland pa 3 Malichi 1959, pamene anthu oposa 50 anaphedwa, ena mwa iwo padoko la Nkhata Bay, linali boma la Mfumukazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu a ku Barbados sanalakwe pamene anasankha kukhala ndi pulezidenti wawowawo mu Novembala 2021.

Chimene ndikukana ndi chiseko cha mnzathu wa ku America, chifukwa anyani amasekana zikundu. Mngerezi anagawa zinthu pawiri: ulemu anapereka kwa munthu wopanda mphamvu, mphamvu anapereka kwa munthu amene sam'patsa ulemu wambiri. Nduna yaikulu imaima pamaso pa aphungu Lachitatu lililonse nyumba ikamakumana, iwo n'kumaifunsa ndi kuikuwiza ngati mwana wakuba ndiwo. Liz Truss anakhala pampando masiku osakwana 50 mu 2022, anzake a m'chipani namukankha, dziko osagwedezeka. Ku America ulemu ndi mphamvu zili pa munthu mmodzi. Pulezidenti ndiye nkhope ya fuko, ndiye mkulu wa boma, ndiye mkulu wa asilikali. Akhoza kukana lamulo la aphungu, akhozanso kukhululukira wopezeka wolakwa m'khoti la boma lalikulu. Ndivomera kuti amasankhidwa, ndipo kuyambira 1951 malamulo salola munthu kusankhidwa koposa kawiri. Zimenezo n'zazikulu. Komatu mu Julaye 2024 bwalo lawo lalikulu la milandu linagamula kuti pulezidenti ali ndi chitetezo chachikulu ku milandu pa zimene wachita monga ntchito ya udindo wake, ndipo pa 14 Juni 2025 anthu anadzaza misewu ya mizinda yambiri akunena kuti safuna mafumu. Dziko limene linachotsa mfumu zaka pafupifupi 250 zapitazo likuopabe mfumu, ndipo imene likuiopayo sichokera ku London.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandifika pamtima, chifukwa ifenso tinayendapo njira imeneyi. Pa 6 Julaye 1964 tinalandira ufulu, koma kwa zaka ziwiri Elizabeth II anali Mfumukazi ya Malawi, woimiridwa ndi Sir Glyn Jones ku Zomba. Pa 6 Julaye 1966 tinachotsa mfumukazi ya kutali ija, yopanda mkondo, ndipo tinachita bwino. M'chaka chomwecho tinakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 tinali ndi Pulezidenti Wamuyaya. Chisoti panalibe, ngolo yagolide panalibe, koma akuluakulu athu akudziwa chimene chinkachitikira munthu wolankhula mosasamala. Panatenga mpaka pa 14 Juni 1993 kuti anthu afunsidwe maganizo awo pa referendamu. Choncho ndikamva wina akunena kuti dziko lopanda mfumu ndilo dziko la mfulu, ndimafuna kum'funsa kuti dzina lokha lam'pusitsa bwanji.

Ife amene tili pano tikupita kukakhala alembi a m'maunduna, aphunzitsi, oweruza milandu, olemba nyuzipepala. Palibe adzatiuze kugwadira chisoti. Chimene tidzakumana nacho ndi munthu wovala suti, wosankhidwa ndi mavoti, amene anthu omuzungulira ayamba kum'tchula maina aatali ndi kum'vinira pabwalo la ndege. Tsiku limenelo mafunso a mnzathu wa ku America sadzatithandiza, chifukwa munthuyo sanabadwire m'nyumba yachifumu. Adzatithandiza ndi mafunso ena. Kodi munthuyu tikhoza kum'tsekera chitseko pamaso, iye n'kugogoda? Kodi tikhoza kum'kuwiza pabwalo la mpira n'kukagona kwathu? Kodi akalakwa alipo wom'chotsa popanda kukhetsa mwazi? Ngati yankho lili ayi, ameneyo ndi mfumu ya mkondo, kaya mapepala am'tchula dzina lanji, ndipo amene tam'longa ufumuwo ndi ife tomwe.