Ku Newmarket, komwe mahatchi a mamiliyoni amadwala zilonda zam'mimba

Newmarket ndi tauni yaing'ono m'chigawo cha Suffolk ku England, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku London. Mukakwera sitima ku Cambridge, mphindi 20 zokha mwafika. M'mawa, misewu ya kumeneko amailamulira ndi mahatchi. Mahatchi ampikisano pafupifupi 3,000 amakhala m'tauniyi ndi m'mbali mwake. Ali ndi tinjira tawotawo, ndipo akamawoloka msewu mondondozana, oyendetsa galimoto amangoima n'kudikira, popanda woliza hutala. Tangoganizani madalaivala a minibasi a ku Limbe atauzidwa kuti adikire chiweto chidutse kaye!

Chikondi chimenechi n'chakale. Mfumu Charles II inkabwera kudzagona kuno chifukwa cha mipikisano, ndipo mu 1671 inakwera yokha hatchi n'kupambana. Mpikisano wotchuka wa 2000 Guineas unayamba mu 1809 ndipo ukuchitikabe. Kumsika wa Tattersalls, hatchi yomwe sinathamangepo mpikisano ndi umodzi womwe imatha kugulidwa ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni.

Mlendo aliyense amamuuza kuti alawirire ku Warren Hill, kaphiri kotsetsereka bwino komwe mahatchi amachitira masewera olimbitsa thupi. Mpaka 1 koloko masana malowo ndi a mahatchi okha; anthu amaonerera ataima m'mbali. Kukazizira, mpweya umatuluka m'mphuno zawo ngati utsi, nthaka n'kumanjenjemera akamadutsa. Ubweya wake wonyezimira ngati aupaka mafuta. Mukawaona choncho simungakhulupirire zimene madokotala a ziweto anapeza atayamba kusuzumira m'mimba mwa mahatchi otere ndi kamera: pa mahatchi 10 aliwonse omwe ali pa maphunziro a mpikisano, 8 kapena 9 amakhala ndi zilonda zam'mimba.

Inde, zilonda zam'mimba zomwe zija, zimene zimachititsa amalume kukana tsabola ndi mandimu.

Chiyambi cha vutoli ndi mmene chifu cha hatchi chinapangidwira. N'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, chimangolowa malita a pakati pa 8 ndi 15. Hatchi yosiyidwa kudambo imatha maola mpaka 16 pa tsiku ikubudula msipu pang'onopang'ono, choncho chifu chake chimatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya muli chakudya kaya mulibe. Chimene chimaziziritsa asidiyo ndi malovu, koma malovu a hatchi amatuluka kwambiri pokhapokha ikamatafuna. Ikaleka kutafuna, asidi amatsala yekha. Ndipo hatchi sisanza, ndiye chomwe chalowa m'chifu chilibe njira yobwerera.

Chifucho chili ndi zigawo ziwiri. Cham'munsi, chomwe chimapanga asidi, chili ndi nandanda wochiteteza. Cham'mwamba chilibe chitetezo chotero. Udzu ukakhala wodzaza, umayandama pamwamba pa asidi ngati masamba amene amayi amaika pamwamba pa ndowa ya madzi kuti asakhavukire poyenda kuchokera kuchitsime. Tsono chotsani masambawo, muthamange ndi ndowayo. N'zimene zimachitika hatchi ikamakwera phiri ndi liwiro m'mimba muli pululu: minofu ya pamimba imafinya chifu, asidi n'kumawazikira kumtunda kopanda chitetezo kuja.

Ndiye taonani moyo wa hatchi yampikisano. Imatha pafupifupi tsiku lonse m'khola, yokhayokha. Kuti ikhale ndi mphamvu amaipatsa chakudya chambewu monga oats, chomwe imamaliza msanga popanda kutafuna kwambiri. Imathamanga m'mamawa. Imakwezedwa m'malole ulendo wautali kupita kumipikisano. Khola n'laukhondo kuposa nyumba zambiri zomwe ndagonamo, osamalira amaikonda ngati mwana, koma chifu chake chikufunabe dambo. Apa m'pamene ine ndinaona kuti ulemerero wa tauniyi uli ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi amene sangadandaule.

Si mahatchi ampikisano okha. Hatchi wamba yongokwera Loweruka ndi Lamlungu nayonso imadwala, makamaka ngati imagona ndi njala kapena ikukhala mwamantha. Mwini wake amazindikira bwanji? Apa m'povuta. Ina imayamba kusankha chakudya, kudya pang'ono n'kuchokapo. Ina imaonda, ubweya n'kuthimbirira. Ina imamva kupotokola m'mimba mobwerezabwereza, makamaka ikangodya. Chizindikiro chimene okwera amachitchula kwambiri n'cha pa nthawi yomanga chishalo: mukamakoka lamba wodutsa pansi pa chifuwa, hatchi yomwe inali yofatsa imagoneka makutu kumbuyo, kukupiza mchira, mwinanso kutembenuka kuti ikulumeni. Mukaikwera imakana kupita kutsogolo, kapena imaponya miyendo yakumbuyo. Anthu amafulumira kunena kuti yayamba mwano, ena n'kutenga chikwapu. Chonsecho mwina ikumva moto m'kati.

Komabe musathamangire kugula mankhwala. Zizindikiro zonsezi zimaonekanso hatchi ikamamva msana, chishalo chikakhala chosaikwana, mano akakhala ndi nsonga zobaya masaya, kapena ikakhala ndi njoka zam'mimba. Palinso mahatchi ena okhala ndi zilonda zoopsa omwe saonetsa kanthu. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kuona ndi maso.

Pa zimenezi Newmarket ndi kwawo. Kuli zipatala zikuluzikulu ziwiri za mahatchi, Rossdales ndi Newmarket Equine Hospital, ndipo ntchito younika chifu ndi ya tsiku ndi tsiku. Hatchi amaimana chakudya usiku wonse, maola 12 kapena kuposerapo, kuti chifu chikhale chopanda kanthu. M'mawa amaibaya jakisoni woifoola pang'ono, imakhala chiimire ikusinza. Kenako dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kotalika mamita 3, kokhala ndi kamera kunsonga, kudzera m'mphuno, kutsika kummero mpaka m'chifu. Amapoperamo mpweya kuti chifu chitambasuke, zonse n'kumaoneka pa sikilini. Chigawo cham'mwamba chimaoneka chotuwa, cham'munsi chofiirira, ndipo pakati pali mzere wooneka bwino ngati malire a minda. Zilonda zambiri zimandandalika m'mbali mwa mzere umenewu. Ntchito yonse siitenga ngakhale ola.

Kudziwa malo a chilonda n'kofunika. Mu 2015 akatswiri a European College of Equine Internal Medicine anagwirizana kuti zilonda zakumtunda ndi zakumunsi aziziona ngati matenda awiri osiyana. Zakumtunda zimachokera ku asidi ndipo zimamva mankhwala msanga. Zakumunsi zimabwera chitetezo cha chifu chikafooka, ndipo n'zamakani. Nthawi zambiri dokotala amawonjezera mankhwala ena monga sucralfate, amene amamatira pachilonda ngati bandeji.

Dzina la mankhwala akuluakulu lidzakusekesani: omeprazole, yemwe uja timalandira pawindo la kuchipatala. Kwa hatchi amabwera ngati phala lokandapala lofinyira m'kamwa, kamodzi pa tsiku, kawirikawiri kwa masiku 28. Amagwira bwino akaperekedwa m'mamawa hatchi isanadye, kenako n'kudikira mphindi 30 kapena ola musanaipatse chakudya. Ndi okwera mtengo, poti wodwalayo amalemera makilogalamu 500. Pomaliza amaunikanso, chifukwa hatchi imatha kuoneka yosangalala chilonda chisanapole. Kusiyana ndi anthu n'kwakuti zilonda zathu zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, pomwe mwa mahatchi palibe kachilombo kamene kanatsimikizidwa kuti ndiko kamayambitsa. Chofanana n'chakuti mankhwala opha ululu akachuluka amawononga chifu: kwa ife aspirin ndi brufen, kwa hatchi phenylbutazone, amene m'makola amangowatchula kuti bute. Amenewa asaperekedwe mwachisawawa popanda dokotala.

Mankhwala akatha koma moyo wa hatchi osasintha, zilonda zimabwereranso. Ndiye chifukwa chake m'makola ambiri masiku ano mumaona osamalira akupatsa hatchi udzu wodulidula wodzaza manja awiri, makamaka wa lucerne, itatsala pang'ono kukweredwa: masamba aja pamwamba pa ndowa. Malangizo ena ndi akuti hatchi isathe maola oposa 4 mpaka 6 osatafuna kanthu, idye udzu wouma wosachepera makilogalamu 1.5 pa makilogalamu 100 aliwonse a thupi lake tsiku lililonse, zambewu zichepe ndipo zigawidwe pang'onopang'ono, madzi asasowe, ndipo izionana ndi anzake. Ena amaika udzu m'maukonde a tizibowo ting'onoting'ono kuti usathe msanga usiku.

Musanakwere sitima yobwerera, lowani ku Palace House, kufupi ndi High Street, komwe kuli nyumba yosungira mbiri ya mipikisano ya mahatchi yomwe Mfumukazi Elizabeth II inatsegulira mu 2016. Kuseri kwake amasungako mahatchi opuma pa ntchito ya mpikisano, omwe akuphunzitsidwa moyo wina, ndipo alendo amaloledwa kuwaona pafupi. Mukawapeza akudya, taimani pang'ono mumvetsere kukukuta kwa mano awo.