Safunsa Anadya Phula

Mu December 2023 ndinali kubwerera ku Lusaka kucokera ku London, kumene ndinakaceza kwa akulu anga. Ndege inawonongeka tisananyamuke, motero ndinafika kwathu mocedwa ndi maola 20. Ukwati wa msuweni wanga ku Chipata unandipita. Ndinalira.

Tili kudikira pabwalo la ndege, amai ena acikulire anandiuza kuti, "Mwanawe, usataye tikiti yako. Lamulo la kuno ku Britain likuti ngati wafika mocedwa ndi maola oposa 4 pa ulendo wopitirira makilomita 3,500, kampani ya ndege ikulipire mapaundi 520. Koma ngati cocedwetsa ndi nyengo yoipa, palibe malipiro."

Ndinacita manyazi. Kodi kumeneku si kupemphetsa? Komabe nditafika kunyumba ndinalembera kampaniyo kalata, ndi kuikamo nambala ya ndege, tsiku la ulendo ndi cithunzi ca tikiti. Poyamba anakana. Ndinalembanso mwaulemu, ndi kuchula lamulolo. Patapita miyezi iwiri ndalama zinafika.

Ukwati sunabwerere ai, koma ndalamazo zinalipirira mng'ono wanga sukulu. Anzanga, kufunsa cimene cili cako si mwano. Akulu-akulu anati safunsa anadya phula.