Kope la mayi wa ku Ulongwe

Usiku wa pa 14 Malichi 2019, namondwe Idai adagwetsa mitengo ndi kusasula madenga mumzinda wa Beira. Kutacha, magetsi kunalibe, mafoni ndi intaneti zidafa, msewu wopita ku Chimoio udaduka. Kwa masiku angapo anthu a mumzindamo sadamve za kunja, akunjanso sadamve za iwo.

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ankakhala kumeneko m'dera la Munhava, komwe adatsatira amuna ake. Adali mmodzi mwa anthu odzipereka amene amayenda khomo ndi khomo kuthandiza achipatala. Ataona kuti madzi a m'zimbudzi alowa m'zitsime, adadziwa chimene chikubwera. Koma akadauza yani, foni ili chete?

Adatenga kope la sukulu la mwana wake, naliyanika padzuwa. Adajambulamo mizere inayi: tsiku, msinkhu wa wodwala, mbali ya dera, ndi kumene banjalo limatunga madzi. Aliyense wotsegula m'mimba katatu kapena kuposa pa tsiku ankamulemba. Ngati chimbudzi chili ngati madzi otsukira mpunga, ankaikapo mtanda.

Ntchitoyi idali yovuta. Nkhani zoona zikasowa, mphekesera zimachuluka. Ena ankati mankhwala othira m'madzi ndiwo abweretsa kolera. Mkulu wina, mdzukulu wake ali gone pamphasa, adamuimitsa pakhomo.

"Mayi, musatilembe. Mufuna anthu azitisala?"

"Pepani bambo, sindilemba dzina lanu. Ndilemba chitsime."

Mkuluyo adakhala chete, kenako adaloza kumene amatunga. Mayiyo adasungunula masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, nawauza kuti amwetse mwanayo pang'onopang'ono ali panjira yopita kuchipatala.

Patapita masiku, kope lidayamba kulankhula: mitanda yambiri idaunjikana pa chitsime chimodzi. Adalikulunga m'pulasitiki, nayenda wapansi m'matope mpaka kuchipatala. Namwino adakopera zonse, ndipo anthu adauzidwa kuti asamwe madziwo osathira Certeza.

Pa 27 Malichi boma lidalengeza kuti anthu asanu a ku Munhava apezeka ndi kolera. Mu Epulo anthu oposa 800,000 a ku Beira, Dondo, Nhamatanda ndi Búzi adalandira katemera wakumwa. Odwala onse adaposa 6,700, koma omwalira adali 8. Kope limodzi silidachite zonsezi. Komabe achipatala sangathamangire kumene sadauzidwe.

Mayiyo adabwerera kwawo. M'midzi ya m'malire netiweki imasowa kawirikawiri, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo kolera safunsa chiphaso pamalire. Mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, nafikanso m'chigawo cha Tete.

Tsono adapita kwa amfumu ndi pempho limodzi: pamudzi pakhale wolemba odwala, ndi mnyamata wa njinga wokapereka pepala kuchipatala mlungu uliwonse. Amfumu adafunsa, "Nanga ngati palibe wodwala?"

"Apitebe, mfumu, akanene kuti palibe. Pepala likapanda kufika, achipatala sadziwa ngati tili bwino kapena tikuika maliro."

Amfumu adavomera. Kope latsopano lili m'nyumba mwa mayiyo, m'pulasitiki, pamwamba poti madzi sangafike.