Khoswe wa Zeleza ndi makadi a bambo anga

Buku la Paul Tiyambe Zeleza, Smouldering Charcoal, ndinaliwerenga mu Meyi 1993, kutatsala masabata ochepa kuti tiponye voti ya riferendamu. Mnzanga wa ku Chirunga anandibwereka atalikutira pepala la khaki, paja mantha sachoka tsiku limodzi. Ndinakwera nalo kuphiri, n'kukhala m'mbali mwa Mulunguzi, kumene ondiona anali anyamata ogulitsa mabulosi okha.

Ndinkafuna buku lotukwana. Tonse mu Zomba tinkadziwa kuti a Jack Mapanje anawagwira pa Gymkhana Club mu 1987, nakakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ndiye ndinkati Zeleza, amenenso anaphunzira pa Chancellor College, atibwezerera.

Mbali yake sanaibise ayi. Ali ndi anthu a sitalaka ya kubekale, ali ndi Chola mtolankhani uja, ndipo Mtsogoleri wa dziko losatchulidwa dzinalo tonse tinamuzindikira. Koma Mchere, mmphawi amene nkhani imayamba akulimbana ndi khoswe m'nyumba, si mngelo. Amamwa, amazunza mkazi wake Nambe, pamene iyenso akuponderezedwa kuntchito. Izi zinandinyansa. Bwanji kuchititsa manyazi munthu wako yemwe, adani akuona? Lero ndikamabwereza bukuli, masamba amene anthu akukambirana za kusintha dziko ndimawadumpha. A Mchere ndi khoswe wawo ndiwo amandigwira.

Kunena zoona, chinandipweteka chinali china. Bambo anga ankagulitsa makadi a chipani pachipata cha msika wa Zomba. Amayi obereka ana ankabwezedwa pamenepo ndi dengu lawo lamasamba, ine ndikuona. Matipate atabwera ndinalemba buku langa m'makope asanu, ndipo tcheyamani wa m'nkhanimo ndinamupanga fisi weniweni: mimba, chikwapu, maso ofiira, basi. Anzanga anaombera m'manja.

Mu 1995 ndinawapatsa bambo makopewo, mwadala. Anawerenga sabata yathunthu pakhonde, magalasi ali pamphuno, osanena kanthu. Pobweza anangofunsa kuti, “Iwe, tcheyamani wakoyu alibe ana?”

Ndinati alibe.

“Nanga makadiwo amagulitsiranji?”

Sindikunena kuti anali olungama. Amayi aja anabwezedwadi, ndipo bambo sanapepesepo kwa aliyense mpaka kumwalira kwawo. Voti yanga ndinaponyera nyali, ndipo ndingaponyenso. Koma fizi yanga ya kusekondale sinaphonyepo teremu, ndipo m'makope asanu onsewo simunali mwana wasukulu ngakhale mmodzi wodya nsima ya fisiyo.

Makopewo akadali m'sutikesi ya malemu amayi. Chaka chatha ndinatsegula kope loyamba n'kuyamba kulemba m'mphepete ndi pensulo. Tcheyamani uja tsopano ali ndi ana anayi, ndipo wachiwiriyo sindinamupezerebe dzina.