Nyimbo Zimene Zinayendetsa Anthu

Ife ophunzitsa katekisimu m'midzi timva kawiri-kawiri makolo alikuti kwaya ndi masewera a ana. Mau amenewa sitiwabvomera ai.

M'chaka cha 1955, mu mzinda wa Montgomery ku America, anthu akuda anali kukhala kumbuyo m'basi, pakuti lamulo linatero. Mai Rosa Parks anakana kusiyira mzungu mpando wao, namangidwa. Pamenepo anthu akuda anapangana kusakweranso basi, nayenda pansi masiku 381. Madzulo anali kusonkhana m'matchalitchi, naimba nyimbo za Mulungu. Munthu wotopa, pakumva anzache mazana-mazana alikuimba naye pamodzi, anadziwa kuti sali yekha, ndipo m'mawa mwache anayendanso. M'chaka cha 1956 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti lamulo lija n'losalungama.

Chifukwa chache musaletse ana anu kupita ku kwaya. Koma inu makolo ndi ife aphunzitsi tiwalangize kuti woimba za chilungamo pa tsiku la Mulungu sayenera kukhala chete Lolemba, pamene achibale alikulanda munda wa mkazi wamasiye.