Magazi m'Nthawi ya Mliri

Abale, ndani mwa ife sanaonepo mwana atayera m'manja ndi m'maso cifukwa ca malungo? Ndani sanamvepo za mai wotaya magazi pobereka? Anthu otere amafunika kuwaonjezera magazi msanga. Ulendo wocoka kuno ku Mecanhelas kupita ku cipatala ca ku Cuamba ndi wautali, makamaka m'dzinja. Ndipo magazi sapangidwa ku fakitale. Amacokera m'thupi mwa munthu wina.

Pa 22 Marici 2020, munthu woyamba anapezeka ndi Covid-19 m'dziko lathu la Moçambique. Sukulu zinatsekedwa. Misonkhano inaletsedwa. Anchito a zaumoyo amene amapita ku sukulu zazikulu ndi ku mipingo kukapempha magazi anasowa kolowera. Anthu nawonso anayamba kuopa cipatala. Koma udzudzu sunaleke kuluma, amai sanaleke kubereka. Magazi sakhalitsa. M'firiji amakhala masiku 35 mpaka 42 basi. Motero m'zipatala zambiri magazi anacepa.

Covid-19 imayenda ndi mpweya. Sinaoneke ikupatsirana poika magazi. Mliri umene umakhala m'magazi mwenimwenimo ndi Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1986, ine ndisanabadwe. Ndico cifukwa cace magazi onse amayamba ayezedwa. Amayeza HIV, cindoko, ndi matenda a ciwindi ochedwa hepatite B ndi C. Koma pali vuto limodzi. Kacirombo ka HIV kakangolowa kumene m'thupi, kamatha masiku ambiri kasanaoneke poyeza. Nthawi imeneyo codalira ndi pakamwa pa wopereka magaziyo. Namwino amamufunsa mayendedwe ace, ndipo iye ayenera kunena zoona.

Apa ndi pamene ine ndimada nkhawa. Firiji ikakhala yopanda kanthu, acibale amauzidwa kuti apeze munthu. Ndi usiku. Wodwala ali gone. Amalume agwira mphwao pa mkono, apita naye kwa namwino. Apongozi akhala pa khonde, akudikira. Mnyamatayo akudziwa kuti mwezi watha anagona ndi mkazi wina kumsika. Kodi anena? Akaturuka osapereka, adzawauza ciani anthu a pa khondewo? Ambiri amangoti, "Ndiri bwino." Sindimuweruza mnyamata wotere. Tamupanikiza ndife. Ena amafuna munthu wacilendo, namulonjeza ndalama. Ameneyo ndiye sanganene kanthu, pakuti akanena zoona ndalama yapita.

Munthu wopita yekha masana, popanda wodwala womudikira, sali conco. Namwino akati, "Lero ai, mubwere mwezi wina," amangobwerera kwao, palibe womufunsa. Magazi a munthu wotere ndiwo odalirika koposa. Ndiwonso amene anasowa mu 2020.

Tsiku lina ndinakamba zimenezi kwa ophunzira anga. Amai ena acikulire anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga magaziwo sakagulitsa?"

Sindinawaseke. Tonse tikukumbukira mbiri ya anamapopa imene inafala mu 2017 ku Zambézia, ndi ku Mulanje ndi Phalombe ku Malawi. Anthu osalakwa anaphedwa cifukwa ca mbiri yabodza imeneyo, koma mantha ace alipobe.

"Amai," ndinatero, "tiyeni tiwerengere limodzi."

Ndinalemba pa bolodi. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana ngati malita 5. Amene amatenga ndi mamililita 450, osakwana theka la lita, ndipo thupi limapanga ena. Amatenga masana, mwini wace atavomera. Singano imakhala yatsopano, ya munthu mmodzi yekha. Mwamuna angathe kupereka pakapita miyezi 3, mkazi miyezi 4.

Amaiwo analemba 450 m'kope mwao pang'onopang'ono. Kenaka anafunsa ngati mwana wao woyamwitsa angapereke. Ndinati ai, woyamwitsa ndi wapakati sapereka. Iwo anati ndiye apite mkamwini.