Wotchi Yoyesa Mtunda ndi Nyengo ya Chiperoni

Anthu a m'maboma ena akamva dzina la Mulanje amakumbukira zinthu zitatu: tiyi, nanazi ndi phiri. Koma ife obadwira kuno tidziwa chinanso chachinai, ndicho chiperoni. Mwezi wa Juni ukalowa, mphepo yozizira imaomba kuchokera ku Mozambique, kumene kuli phiri lotchedwa Chiperone, nibwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa. Nthawi zina dzuwa silioneka masiku atatu kapena anai. Zobvala siziuma pachingwe, nkhuni zimangofuka utsi, ndipo tambala akalira ambiri a ife timakokera bulangete kumutu. Pamwamba pa phiri pamagwa chisanu usiku, udzu nuyera ngati wawazidwa ufa. Tsono nyengo yomweyi ndiyo imene wothamanga wa kuno ayenera kugwira nchito yache yaikulu, pakuti mpikisano wathu wotchuka wa Porters Race umachitika mwezi wa Julayi.

Kwa anzanga amene sanauonepo, mpikisanowu umayambira pa ofesi ya za nkhalango ku Likhubula. Othamanga amakwera kufikira ku Chambe, nadutsa pamwamba kunka ku Lichenya, natsikanso kubwerera pomwe anayambira. Ulendo wonse uposa makilomita 20, ndipo chikweza choyamba chokha chikwera pafupi-fupi mamita 1,000. Poyamba unali mpikisano wa amuna aja onyamulira alendo katundu ndi owaperekeza m'phiri, ndipo dzina lache linachokera pomwepo. Koma masiku ano amalowamo amuna ndi akazi, a kuno ndi a maiko akutali. Njira imene mlendo amaiyenda tsiku lathunthu, akatswiri amaitsiriza m'maora awiri ndi mphindi zowerengeka.

Ine ndinayamba kuulakalaka mpikisanowu ndiri ku pulaimale. Nditafika Fomu 3 ndinapita ndi anzanga asanu, anyamata atatu ndi asungwana awiri, kukapempha aphunzitsi athu a masewera kuti atikonzekeretse. Iwo anatiyang'ana nati, "Ana inu, phiri si bwalo la mpira. Sindidzalemba dzina la munthu ali yense ndisanaone kuti angathe kuthamanga makilomita 15 osaima, ndipo asachite kamodzi kokha koma katatu." Tinabvomera mokondwa, koma bvuto linaoneka msanga. Ndani adziwa kutalika kwa makilomita 15 m'tinjira ta m'minda ya tiyi? Kuno mtunda timauyesa ndi pakamwa. Ukafunsa njira amakuuza kuti "ndi pompano," iwe nuyenda mpaka miyendo kuwawa.

Nkhaniyi ndinawafotokozera achimwene anga amene agwira nchito ya zomangamanga ku Johannesburg. Iwo anandiuza kuti kumeneko othamanga amabvala mawotchi a GPS, opangidwa ndi makampani monga Garmin, Polar, Suunto ndi Coros, amene amayesa mtunda munthu ali kuthamanga. Patapita masabata awiri ananditumizira pa WhatsApp zithunzi za mawotchi awiri, nalemba kuti, "Mphwanga, ndarama zimene ndakusungira ndi zomwezi, sindidzaonjezerapo. Ukafuna yatsopano yokongolayi, udzalandira wotchi yokha. Ukafuna yakaleyi, imene mnzanga ali kugulitsa, zotsalazo zidzagula nsapato. Sankha wekha." Mau amenewa anandilemera. Chiyambire namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, amene anagwetsa khoma la nyumba yathu monga anachitira ndi nyumba zambiri kuno ndi ku Phalombe, achimwenewo ndiwo akhala akutumiza za simenti ndi malata. Sindinafune kuti thukuta lao lithere pa chidole.

Ndisanayankhe ndinafuna kudziwa m'mene chinthuchi chigwirira nchito, ndipo aphunzitsi a jogalafe anatithandiza. Anati kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 20,200, kuli masetilaiti oposa 24 a dziko la America, ndipo iri yonse imazungulira dziko lapansi kawiri pa tsiku. Yoyamba inatumizidwa m'chaka cha 1978, ndipo nchito yonse inakhazikika mu 1995. Setilaiti iri yonse imaulutsa uthenga wonena malo ache ndi nthawi yeni-yeni. Uthengawo uyenda pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Wotchi imawerengera nthawi imene uthenga watha panjira, ndipo ikamva masetilaiti anai imadziwa pamene yaima. Pochita chomwecho mobwereza-bwereza, imalumikiza malo onse amene munthu wapondamo, nipeza mtunda ndi liwiro. Sifuna netiweki ya foni, sifunanso mayunitsi. Ifuna thambo loonekera basi. "Sungani mau otsirizawo," anatero aphunzitsi, "pakuti inu mukhala m'tsinde mwa phiri."

Pamenepo ndinatenga kope ndi kulemba mafunso anai amene nyengo ya kwathu ifunsa wotchi. Loyamba linali la batire. Kwathu kulibe magetsi. Foni timatchajitsa pa golosale ya sola, ndiponso batire limatha msanga kukazizira. Wotchi yatsopano inali ya galasi lowala ngati foni, lodya moto kwambiri, pamene yakaleyo achimwene anaiyesa nikhala sabata yathunthu. Lachiwiri linali la mabatani. Galasi lokhudza ndi chala limasokonezeka likanyowa, koma batani limamvera ngakhale chala chaumitsidwa ndi mphepo, ndipo yakaleyo inali ya mabatani okha-okha. Lachitatu linali la madzi. Onse awiri anali olembedwa 5 ATM kumbuyo, ndiko kunena kuti mvula kapena kuoloka mtsinje sikungawaononge.

Funso lachinai ndilo linandisowetsa tulo. Mawotchi ena ali ndi kachida koyesa kulemera kwa mpweya, kamene m'sayansi timati barometa. Popeza mpweya umapepuka munthu akamakwera, kachidako kamadziwa bwino mamita amene wakwera. Yatsopano inali nako. Yakale inalibe, ndipo imangoyerekeza chikweza ndi GPS yokha, imene pa nchito imeneyi siilondola kweni-kweni. Mpikisano wathu ndi wa chikweza, kotero mtima unakokera ku yatsopano. Koma ndinaganiza kuti chikweza cha ku Chambe sichisuntha, ndipo kutalika kwache kudziwika kale. Chimene chisintha ndi miyala yoterera imene phazi lipondapo. Za nyimbo, mapu a mitundu ndi mauthenga a foni sindinaziwerengere konse. Ndinalemba kuti, "Achimwene, nditumizireni yakaleyo ndi nsapato." Anayankha mau awiri okha: "Wakula, mphwanga."

Katunduyo anafika pa basi kumapeto kwa Meyi, chiperoni chitayamba kale kununkhiza. Tinapangana kukomana pa chipata cha sukulu Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, nthawi ya hafu pasiti faifi, kukali mdima. Aphunzitsi anatipatsa malamulo a nyengo yozizira. Mphindi khumi zoyamba tiyende pang'ono-pang'ono, chifukwa minofu yozizira ikokeka msanga. Tibvale juzi pamwamba, ndipo thupi likatentha tiibvule ndi kuimanga m'chiuno. Tisiye zobvala zouma m'jumbo m'kalasi, pakuti chimene chidwalitsa ndi kukhala pa desiki ndi malaya onyowa. Timwe madzi ngakhale ludzu silikumveka, ndipo tisalowe m'kalasi tisanadye phala kapena mbatata. Wotchi inali yanga m'dzina lokha. Tinkaibvala mosinthana, ndipo woibvala tsikulo ndiye ankaitana pa kilomita iri yonse ndi kulemba zonse m'kope.

Wotchiyo sinachedwe kuulula zinsinsi. Njira yozungulira munda wa tiyi, imene anyamata a Fomu 4 ankaitama kuti ndi makilomita 12, inapezeka kuti ndi 8 okha, ndipo mpaka lero ena a iwo akuti wotchiyo njabodza. Inatisonyezanso chinyengo cha kuzizira. Munthu akamva mphepo amafuna kuthamanga kwambiri kuti atenthedwe, kotero kilomita yoyamba imatha m'mphindi zinai ndi theka, koma pofika yachisanu ndi chimodzi mpweya wamthera. Aphunzitsi analamula kuti kilomita iri yonse itenge mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo woibvala wotchi akhale patsogolo, wina asamdutse. Masiku oyamba tinadandaula kuti tiri kuyenda ngati nkhalamba. Koma itatha milungu itatu tinaona m'kope kuti tiri kufika makilomita 12 tikali kuyankhulana. Loweruka lina tinapita ku Likhubula kukalawa chikweza, ndipo kumeneko kilomita imodzi inatenga mphindi 14. Kuyambira tsikulo tinaleka kuseka munthu woyenda pokwera phiri.

Komatu wotchi nayonso iri ndi malire ache. Kumbuyo kwache kuli timagetsi tobiriwira towerenga kugunda kwa mtima, koma kukazizira magazi amachepa pakhungu, ndipo manambala ache amadumpha-dumpha kufikira mkono utatentha. M'mitengo yowirira ndi pansi pa matanthwe, uthenga wa masetilaiti umatsekeka kapena kunjanja pa mwala, ndipo tsiku lina mzere wa ulendo wathu unatisonyeza tiri kuthamanga pakati pa mtsinje wa Likhubula. Pamenepo tinakumbukira mau a aphunzitsi a jogalafe.

Tsiku lomwelo tinakomana ndi bambo wina wachikulire, woperekeza alendo m'phiri, ali kutsika ndi katundu pamutu. Anaima nafunsa chimene tinali kuyang'ana pamkono, ndipo titawafotokozera anaseka nati, "Adzukulu anga, kanthu kanuko nkabwino. Koma kodi kakuuzani kuti nkhungu iyo ifika pano musanafike pa Dziwe la Nkhalamba? Bwererani." Tinayang'ana kumwamba, ndipo nsonga ya Chambe inali itabisika kale. Aphunzitsi anatitembenuza pomwepo. Potsika anatikumbutsa za Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira kwambiri wa ku Brazil, amene m'mwezi wa Julayi 2009 anakwera yekha ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, nyengo nimtembenukira, ndipo anapezeka patapita masabata atamwalira ndi kuzizira. Wotchi ingakuuze pamene uli, koma siingakufunditse kapena kukusonyeza mwala woti upondepo m'nkhungu. Chifukwa chache lamulo lathu lalikulu ndi ili: chiperoni chikatsika, timathamanga m'misewu ya m'munsi, ndipo kumtunda sitipita opanda wodziwa njira.

Mayeso athu a makilomita 15 anaikidwa pa masiku atatu a Loweruka. Tsiku loyamba tinatsiriza tonse asanu ndi mmodzi. Lachiwiri tinatsiriza asanu, pakuti mnzathu mmodzi anabinya bondo pa dothi loterera. Ndipo woyamba kufika anali msungwana wa Fomu 2, amene anatisiya anyamata tonse pa kilomita yotsiriza. Loweruka lachitatu kunagwa chiperoni choopsa, mwakuti munthu sankaona mnzache pa mtunda wa mapazi makumi awiri, ndipo aphunzitsi anatibweza pachipata. Tinawadandaulira kuti kawiri nkokwanira, koma iwo anati, "Ndinati katatu." Ulendo wachitatuwo tinauchita mpikisano utapita kale, ndipo wotchi inalemba ora limodzi ndi mphindi 29. Chotero chaka chino palibe mmodzi wa ife amene analowa. Zinatiwawa ndithu, ndipo mmodzi wa ife sanayankhule ndi munthu masiku awiri.

Pa tsiku la mpikisano tinapita ku Likhubula kukaonerera. Alendo ambiri anali ndi mawotchi oposa anga kutali, koma pakati pa otsika msanga panali ana a kuno, ena a nsapato zong'ambika, ena opanda nsapato konse. Zimenezi si zachilendo. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa marathoni pa masewera a Olimpiki ku Rome m'chaka cha 1960 wopanda nsapato. Edson Kumwamba, mwana wa kuno ku Mulanje, anazolowera liwiro m'phiri lomweli asanakatchuke m'mipikisano yaitali ya m'mapiri ku South Africa. Anthu amenewa anawapanga ndi kulawirira m'mamawa, chaka ndi chaka. Chimene wotchi yatipatsa ife ndi mboni yosakondera. Kopelo tsopano liri ndi masamba 20, ndipo tsamba liri lonse linena zoona za tsiku limene tinadzuka ndi tsiku limene tinagona.

Tsono ndipempha inu anzanga a Fomu 1 ndi Fomu 2, anyamata ndi asungwana omwe, kuti musayembekeze m'bale wa ku Joni asanakutumizireni kanthu. Wotchi imodzi ikwanira gulu lonse, ndipo yathuyi imabvalidwa ndi ali yense wofika pachipata nthawi yache. Teremu ikubwerayi tidzayambanso Lolemba la sabata yachiwiri. Aphunzitsi alonjeza kuti mayeso a chaka cha mawa adzayamba mu Meyi, kuti chiperoni chisadzatilandenso Loweruka lachitatu. Bwerani ndi juzi, malaya ouma m'jumbo, ndi mbatata yanu.